Wakuba msinkhu wa nyumba yanu ali pansi

Amangwetu, sabata ino tikambe za nyumba. Alipo ambiri m'matauni mwathumu amene athira ndalama zankhaninkhani pomanga, koma tsiku lolowa akupeza kuti munthu akangokweza mkono wakhudza kale siling'i. Mlandu amaupachika pa kalipentala amene adakhoma denga. Pepani, kawirikawiri wakubayo ali pansi pomwe mwapondapo.

Nkhani yake ili apa. Ambirife timamanga malinga ndi m'thumba: maziko chaka chino, zipupa chaka chamawa, kenako malata, simenti yapansi kumapeto kwenikweni. Tsono mmisiri poyeza chipupa amayambira padothi, osaganiza kuti pansipo padzabwera katundu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Miyala kapena zidutswa za njerwa zotsendera bwino, masentimita 15. Mchenga wosalazira, 5. Pamwamba pake pulasitiki wakuda uja wotchinga chinyontho. Konkire, 10. Simenti yomalizira ndi matailosi, 5. Zonse pamodzi 35. Chipupa chimene chidali mamita 2.7 chatsala 2.35. Kumwamba nako matabwa ndi siling'i adyako ena 5. Basi, chipinda chatsikira pa 2.3. Mwaona nanga?

Chonsecho muyezo wodziwika bwino ndi woti chipinda chogona kapena chochezera chisachepere mamita 2.4, kuchokera pansi pomalizidwa kufika kusiling'i. Achibale athu amene amagwira ntchito yomanga ku Joni akuuzani kuti ku South Africa muyezo umenewu uli m'malamulo a zomangamanga. Komatu 2.4 ndi pothera. Ngati mukumanga ku Nsanje, Chikwawa, Salima kapena Mangochi, pitani pa 2.7 mpaka 3. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndiye denga likafupika, kutentha kwa malata kwa mu Okutobala kumathera pamutu panu. Mukati mupachike fani, mapiko ake akusesa tsitsi.

Zitseko nazo zimalira. Chitseko wamba chimapitirira pang'ono mamita awiri. Felemu ikaikidwa pansi pasadathiridwe, konkire imameza miyendo yake, ndipo mapeto ake ndi kucheka chitseko chatsopano, alendo n'kumalowa chowerama ngati m'khola la mbuzi.

Amisiri ena akazindikira kuti zavuta amayamba zachinyengo. Wina amathira konkire yopyapyala ngati chitumbuwa cha m'mbale ya mwana, wina amakumba m'kati kuti pansi patsike. Woyambayo wakupatsani ming'alu yolowera chiswe. Wachiwiriyo wakukumbirani dziwe. Pansi pa nyumba payenera kukwera masentimita osachepera 15 kuposa dothi lapanja. Sitikunena za namondwe ngati Freddy wa mu 2023 ayi, mvula wamba ya mu Januwale ndiyokwanira kuyandamitsa mphasa zanu.

Nanga titani? M'mera mpoyamba. Ngati m'thumba mukulola, thirani konkire yapansi maziko akangotha, zipupa zisadayambe. Mankhwala a chiswe ndi mapaipi zilowe konkire isadathiridwe, ndipo ikathiridwa muziithira madzi kwa masiku asanu ndi awiri kuti ikhwime. Ngati ndalama yachepa, khomani chikhomo ndipo lembani mzere wosonyeza pamene pansi padzathere, matailosi omwe. Mafelemu, mawindo ndi msinkhu wa chipupa, zonse ziyezedwe kuchokera pamzere umenewo.

Ndipo musamangomva zoti "bwana, apa pakwana." Gulani tepi yanu, sinadule. Funsani mmisiri wanu kuti 2.7 akunenayo akuyambira pati. Akayamba kukanda m'mutu, dziwani kuti mwapulumutsa nyumba.

Mzere umodzi wa mabuloko a simenti umaonjezera pafupifupi masentimita 20. Kuugula lero kumawawa, inde, koma yerekezani ndi kudzasasula malata onse mawa kuti mukweze chipupa. Nanga ndani ali ndi ndalama zomangira nyumba imodzi kawiri?

Tionana sabata yamawa.