Makina okha sangayamwitse mwana wobadwa masiku osakwana

Tikamakamba za ana obadwa masiku osakwana, ambiri timathamangira ku makina: inkyubeta, okosijeni, magetsi osazima. Zonsezo n'zofunika, tisaleke kuzipempha. Koma chinthu china sichibwera m'katoni kuchokera ku Lusaka. Ndikunena namwino wodziwa kuthandiza mayi kuti mkaka wake ufike m'mimba mwa kamwanako.

Mwana akabadwa mimba isanafike masabata 37, ndiye kuti masiku sanakwane. Wobadwa masabata 32 asanakwane nthawi zambiri satha kuyamwa, kumeza ndi kupuma zonse pamodzi. Choncho mayi amayenera kufinya mkaka ndi manja, kuyambira maola oyamba atachira, ka 8 kapena kuposa pa tsiku, usiku womwe. Mwanayo amamwa ndi kakapu kapena kudzera m'kapaipi kolowa m'mphuno. Mkaka wa mayi umamuteteza ku matenda oopsa oolesa matumbo, amene amakonda kugwira ana otere. Woyamba wachikasu uja, umene agogo ena amati utayidwe, ndiwo wodzaza ndi chitetezo.

Palibe mkazi amabadwa akudziwa zimenezi. Taganizani mtsikana wa zaka 19 wa ku Kasenengwa, amutumiza ku Chipata Central Hospital usiku, mwana ali m'makina, iye ali ndi bala la opareshoni. Akafinya koyamba aona timadontho tochepa, aganiza kuti alibe mkaka. Namwino wophunzira amakhala naye pansi, kumuonetsa poika zala, ndi kumuuza kuti: "Amayi, musade nkhawa, kamimba ka mwana wanu n'kakang'ono, timadontho tomweti tikwanira lero." Popanda munthu wotere, mayi amangodikira kuti mwana akule kaye. Koma bere losafinyidwa limayamba kuphwa, ndipo banja limatsala ndi mkaka wa m'chitini, wodula, wofunanso madzi aukhondo tsiku lililonse.

Pali umboni wakuti luso la manja limapulumutsa. Njira ya kangaru, yomangirira mwana pachifuwa khungu ndi khungu, inayambika mu 1978 ku Bogotá, m'dziko la Colombia, chifukwa mainkyubeta anali ochepa. Imafunditsa mwana ndipo imathandiza mkaka kutuluka. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, wochitikira ku Malawi, Tanzania, Ghana, Nigeria ndi India, anapeza kuti kuyamba kangaru mwana atangobadwa kunachepetsa imfa za ana ochepa sikelo kwambiri ndi 25 peresenti. Mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti kangaru aziyambika nthawi yomweyo.

Ndiye maphunzirowa asakhale a anthu awiri opita ku wekishopu n'kubwera ndi satifiketi. Achitikire m'wodi momwemo, afike kwa ogwira usiku ndi kwa ophunzira unamwino ku Chipata ndi ku Mwami. Afikenso ku makiliniki a ku Kasenengwa ndi kwa odzipereka a SMAG m'midzi, chifukwa maola oyamba aja kawirikawiri amathera kumeneko, podikira ambulansi.

Ena anena kuti anamwino ndi ochepa, atopa kale, nthawi yokhala ndi mayi mmodzi aitenga kuti? N'zoona, ndipo boma liyenera kulemba ena. Komabe mayi amene waphunzitsidwa bwino kawiri kapena katatu amayamba kudyetsa yekha mwana, amaonetsanso mnzake wa pabedi loyandikana. Ntchito ya namwino imapepuka.

Ife achinyamata tili ndi mbali yathu. Pamisonkhano ya CDF tifunse makhansala ngati pali malo oti mayi agone pafupi ndi mwana wake. Pamapulogalamu oimba foni pa wailesi tifunse akuluakulu a zaumoyo kuti ndi anamwino angati aphunzira zimenezi chaka chino. Ndipo inu anyamata amene mwangokhala atate, chifuwa chanu nachonso n'chofunda. Mangirirani mwanayo ndi chitenje kwa maola angapo, amake afinye mkaka, adye, agoneko.