Laputopu yakale isadye mpamba: iikeni Linux

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kutumiza zotchinjiriza za nthawi zonse ku Windows 10, kupatula kwa amene adalembetsa chaka chimodzi choonjezera. Malaputopu ambiri a kaunjika amene amagulitsidwa ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu akuyendera Windows yomweyi. Akuyakabe ngati kale, koma chiboo chilichonse chimene akuba a pa intaneti angachitulukire tsopano chikhala chosatseka. Kwa wamalonda amene amalowa mu akaunti ya kubanki kapena kulemba za msonkho wa MRA pa laputopu yotere, nkhaniyi ikukhudza ndalama zake.

Microsoft ikulangiza anthu kusamukira ku Windows 11, koma Windows imeneyi imasankha makina. Imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso pulosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena yatsopano kuposa pamenepo. Ndiye kuti malaputopu ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018, monga HP EliteBook 840 G3, Lenovo ThinkPad T460 ndi Dell Latitude E7470, atsala panja ngakhale ali olimba. Apa ndi pamene ena akuuzidwa kuti angogula ina.

Wamalonda wamng'ono asathamangire uphunguwo. Laputopu ndi katundu wochokera kunja, mtengo wake umatsata dola, ndipo ndalama yogulira ina imachoka pa mpamba wooda katundu kapena pa ngongole ya banki mkhonde. Pali njira yotsika mtengo: kuchotsa Windows n'kuika Linux.

Linux idayambitsidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland. Ndi yaulere mwalamulo. Aliyense amaloledwa kuikopera, kuigawira anzake ndi kuiika pa makompyuta ochuluka mmene angafunire popanda kugula layisensi. Si yachilendo kwenikweni, chifukwa Android ya m'mafoni ambiri a pamsika idamangidwa pa Linux yomweyi.

Mitundu yake ilipo yambiri, koma woyamba kumene asankhe Linux Mint. Maonekedwe ake ndi ofanana ndi Windows, ndipo mtundu wake wa Xfce ndi wopepuka. Imayenda pa makina a 64-bit okhala ndi RAM ya 2GB, ngakhale 4GB ndiyo yabwino, ndipo imafuna malo okwana 20GB. Linux Mint 22 ipitiriza kulandira zotchinjiriza mpaka 2029. Imabwera ndi Firefox yolowera pa intaneti komanso LibreOffice, imene imatsekula mafayilo a Word ndi Excel. Wagolosale amene amalemba katundu wolowa ndi wotuluka, mayina a ongongola ndi phindu la pa mwezi, ntchito yake yonse ikwanira pamenepa. WhatsApp Web, Facebook ndi imelo zimayenda bwinobwino.

Phindu lina ndi la mavairasi. Amene amalandira mafulashi a makasitomala tsiku lonse amadziwa vairasi ija imene imabisa mafayilo n'kusiya tizithunzi tonamiza. Mavairasi otere adalembedwera Windows, ndipo pa Linux sagwira. Ndalama yolipira wokonza kuti afufute kompyuta miyezi ingapo iliyonse imatsala m'thumba.

Komabe walira mvula walira matope. CorelDRAW, Photoshop ndi Microsoft Publisher zilibe mtundu wa Linux, choncho amene amadyera kupanga makhadi a ukwati, mabana ndi mapulogalamu a maliro asafulumire kusintha. Chimodzimodzinso amene mabuku ake a ndalama ali mu pulogalamu yoyenda pa Windows yokha. Kalata yokongoletsedwa kwambiri mu Word nthawi zina imasokonekera mizere ikatsekulidwa mu LibreOffice. Mapulinta ambiri a HP amagwira popanda vuto, koma ena amafuna kuwasakira dilaiva. Okonza makompyuta ambiri adazoloweranso Windows, ndiye ndi bwino kufunsiratu ngati pafupi pali wodziwa Linux.

Ubwino wake ndi woti munthu angathe kuiyesa asanafufute kanthu. Choyamba akopere mafayilo onse ofunika pa fulashi ina kapena pa hadi disiki yapadera, makamaka kaundula wa ngongole. Kenako atsitse Linux Mint kuchokera pa tsamba lake lenileni; fayiloyo ndi ya pafupifupi 3GB, choncho ndi nzeru kusonkherana bandulo, poti fayilo imodzi ikwanira anthu onse a mu mzere umodzi wa mashopu. Ailembe pa fulashi ya 8GB pogwiritsa ntchito Rufus kapena balenaEtcher. Poyatsa laputopu adine F9 ngati ndi HP, kapena F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, n'kusankha fulashiyo. Linux idzayaka kuchokera pa fulashi, Windows ili chikhalire.

Apa ndi poyesera zonse: Wi-Fi, intaneti ya pa foni, mawu, pulinta ndi mafayilo a bizinesi. Chimodzi chikakana, azimitse, azule fulashi, palibe chimene chaonongeka. Zonse zikayenda, ndi pamene angadine poikira. Woopa kutaya Windows akhoza kuika ziwirizi pamodzi n'kumasankha poyatsa. Ntchitoyi ichitike batire ili yodzaza kapena pamene magetsi ali odalirika, chifukwa kuzima pakati kumasiya makina osayaka mpaka kuyambiranso.

Linux siidzutsa batire yakufa kapena kukonza sikirini yosweka. Ngati laputopu ikukwawabe, kawirikawiri vuto ndi hadi disiki yakale, ndipo kuika SSD kumaithamangitsa pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula ina.

Ogulitsa malaputopu a kaunjika nawonso aganizepo. Kugulitsa makina okhala ndi Windows yobera, kapena Windows 11 yokakamiza pa makina amene Microsoft siikuwavomereza, ndi kuitana kasitomala kuti adzabwere ndi dandaulo. Ndipo wogula laputopu sabata ino afunse kaye m'badwo wa pulosesa: ngati ndi wochepera wachisanu ndi chitatu, anenerere mtengo, atenge fulashi ya Linux n'kuyesa pompo asanapereke ndalama.