Mwala wa ku Rubaya

Mu Januwale 2025, zigawenga za M23 zikuyandikira mzinda wa Goma ku Congo, asilikali athu atatu a ku Malawi anaphedwa. Mu Novembala 2018 tinatayanso ena 6 kufupi ndi Beni. Pa maliro timauzidwa kuti anafera mtendere, ndipo sindikutsutsa. Koma amene ankawawombera ku Gomako ankafunanji?

A M23 amati akuteteza Atutsi a ku Congo. Chidani cha mitundu kumeneko chilipodi, ndipo chinafika poipa dziko la Rwanda litasamba magazi mu 1994. Komabe taonani kumene analunjika. Mu Epulo 2024 analanda Rubaya, dera la m'mapiri a Masisi kumene kumakumbidwa coltan. Mumwala umenewu amatulutsamo tantalum, chitsulo chimene chimalowa m'mafoni ndi m'makompyuta. Akatswiri a United Nations anawerengera kuti gululi limatolera madola pafupifupi 800,000 pamwezi pokhometsa msonkho malonda a mwalawu, umene umazembetsedwa kupita ku Rwanda n'kugulitsidwa ngati wakomweko. Anyamata okumba ndi mapiki m'maenjemo amabwerera kunyumba ndi matope okhaokha komanso kangachepe kogulira ufa.

Anthu a ku Congo nyimbo imeneyi anaimva kalekale. Nthawi ya Mfumu Leopold II ya ku Belgium chinali mphira, ndipo midzi yolephera kukwanitsa muyeso inkaona anthu ake akudulidwa manja. Mu 1960 chinali mkuwa wa ku Katanga, pamene kampani ya Union Minière inathandiza Moïse Tshombe kupatula chigawocho.

Ine malonda sindidana nawo. Tinaleredwa ndi geni ya tomato, ndipo mayi ankadziwa phindu la dengu lililonse asananyamuke kumunda. Kungoti kwathu wogula mbuzi yakuba amakayankha kubwalo limodzi ndi wakubayo, chifukwa mtengo wotsika modabwitsa unayenera kumuchenjeza. Chikapitalizimu cha masiku ano chinapeza njira yozembera bwalo limeneli. Mwala umachoka kwa wokumba kupita kwa wogula wa m'tauni, kwa woulumphitsa malire, kwa wousungunula ku Asia, kwa wopanga tizipangizo, mpaka kufika mushopu ya magalasi. Aliyense ali ndi lisiti yake. Ukafunsa amene anagula zipolopolo, onse amatambasula manja oyera. Mwini masheya ku London kapena ku New York sanaonepo mtembo, iye amangoona nambala ikukwera, ndipo bwana wa kampani akaichedwetsa chifukwa cha chikumbumtima, ntchito yake imakhala pa mpeni.

Mu Disembala 2024 boma la Congo linakasuma ku France ndi ku Belgium, likuti nthambi za kampani ya Apple zimapindula ndi miyala ya m'madera a nkhondo. Apple inakana mlanduwo, n'kunena kuti inauza kale oigulitsa zipangizo kuti asiye kugula miyala ya ku Congo ndi ku Rwanda. Nkhani imeneyi ndinaiwerenga pa foni yanga, ndili mu minibasi yopita ku Limbe.