Madandaulo a anthu a ku Mfuwe pa matayala otayidwa oswanitsa udzudzu

Kwa Mlembi wa Khonsolo ya Mambwe,
Kudzeranso kwa Mkulu wa Zaumoyo m'boma lino ndi Amfumu Kakumbi ndi Amfumu Mnkhanya.

Mabwana athu,

Ife osaina m'munsimu, anyakwawa, amayi ogulitsa pamsika, aphunzitsi ndi a makomiti a zaumoyo m'midzi, tabwera kudzadandaula za matayala akutha amene aunjikana m'mbali mwa msewu wa Chipata, kuchokera ku Masumba kukafika ku Cropping. Magalimoto onyamula alendo opita ku South Luangwa ndi malole a thonje amasintha matayala kuno n'kusiya akalewo kuseri kwa magalaji. Enanso ndife eni tinawakweza pamadenga kuti mphepo isasasule malata.

Mvula ikayamba mu Novembala, tayala lililonse limasunga madzi m'mimba mwake, ndipo kulikhuthula n'kovuta: ukaligubuduza, madzi amangozungulira momwemo. Ndi kutentha kwa kuno ku Malambo, dzira la udzudzu limafika pouluka m'sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono.

Tikudziwa kuti udzudzu wa malungo umene tinauzolowera umaswana m'zithaphwi ndi m'madambo a Luangwa ndi Lupande. Koma m'matayala mumakonda kuswana wina wa mawanga oyera, wa mtundu wa Aedes, umene umafalitsa matenda a dengue ndi chikungunya. Umenewu umaluma masana, ana ali kusukulu, neti itapindidwa, ndipo mazira ake amapirira chilimwe chonse m'tayala louma. Palinso Anopheles stephensi, wa malungo koma woswana m'ziwiya ndi m'matayala, umene unapezeka ku Djibouti mu 2012, ku Ethiopia mu 2016 ndi ku Kenya mu 2022. Sitikunena kuti wafika kuno. Tikunena kuti utafika, nyumba waipeza yomanga kale.

Pempho lathu lalikulu ndi lakuti muyeze. Tumizani alangizi a zaumoyo adzawerenge matayala dera ndi dera, angati ali ndi madzi ndipo angati ali ndi timphutsi. Atunge timphutsito, atisunge mpaka tisanduke udzudzu, n'kutumiza ku National Malaria Elimination Centre ku Lusaka kuti mtundu wake udziwike. Achite zimenezi mvula isanagwe, abwerezenso mu Januwale ndi mu Marichi. Achinyamata athu adzawaperekeza popanda malipiro. Zotsatira zikamatidwe pakhoma la kiliniki m'Chinyanja, zisakathere m'mafayilo.

Tikupemphanso malo amodzi okhala ndi denga osonkhanitsirako matayala, ndi lamulo lakuti okonza matayala aziboola kapena kudzaza dothi onse amene atha ntchito. Ndalama za thumba la chitukuko la CDF za ku Malambo zingakwanitse kashedi kotere. Kuwotcha ayi, utsi wake ndi poizoni.

Tikuyembekezera yankho lanu pamsonkhano wa komiti ya chitukuko ya wadi, mvula yoyamba isanagwe.

Ndife anthu anu,
okhala m'madera a Amfumu Kakumbi ndi Amfumu Mnkhanya, amene masaini ndi zidindo za zala zathu zili pa mapepala otsatirawa.