MNDANDANDA WA OLANDIRA NYUMBA UZIPACHIKIDWA POYERA

Anyamata ndi atsikana a kunyanja, a ku Mtakataka, Golomoti, mpaka anzathu a ku Chipoka ndi Malembo. Ndine yemwe uja wokonza mainjini pa doko. Uthengawu ndi wautali, mundikhululukire pa bandulo, koma werengani mpaka kumapeto chifukwa mawa zidzakugwerani inuyo.

Mukukumbuka 2024 nyanja itakwera n'kulowa m'midzi ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Kwathu kuno sinatisiye. Nyumba ya madala anga, ya zidina, inanyowa kuchokera pansi, khoma la kuchipinda n'kugwa usiku. Mwayi wake anthu anali atatuluka kale. Kuyambira pamenepo madala ndi masteni akugona m'khitchini, katundu ali kwa achemwali. Munthu amene wakoka chilimira moyo wake wonse lero akugona pafupi ndi mafuwa.

Ndiye ndinati ine ndinafikako ku sekondale, kulemba ndimatha, ndipite ndikafunse ngati pali njira yolembetsera thandizo la nyumba, kaya malata, kaya puloti kumtunda komwe madzi safika. Ndinatenga kalata kwa amfumu, ndinatseka bokosi la masipanala, n'kukwera Khwekhwerere mpaka pa Masasa, kenako M1 kulowera ku Dedza boma. Amene munafikako mu June mukudziwa kuzizira kwa kumeneko. Ife a kunyanja timakafika ndi malaya amodzi, mano ali gwegwegwe, anzathu atavala majuzi awiriawiri.

Ofesi yake sinditchula, ndipo munthu sinditchula, chifukwa nkhani si ya munthu mmodzi. Ulendo woyamba anati amene amaona zimenezi kulibe, apita ku msonkhano kunyanja. Tamvani bwino: ine ndachoka kunyanja kuwatsata kumapiri, iwo atsika mapiri kukachita msonkhano kunyanja. Mwina tinaphonyana pa kona ina ya Khwekhwerere. Ulendo wachiwiri ndinawapeza. Anandilandira bwino ndithu, sindinganame. Koma yankho linali loti mayina salembedwa pamenepo, amachokera kumudzi kudzera m'makomiti. Nditabwerera kumudzi kukafunsa a komiti, anati mayina anapita kale kumtunda. Ndinati chabwino, ndingawaoneko? Akuti pepala linapita. Kope yake? Palibe. Anasankha bwanji? Zii.

Maulendo awiri, masiku awiri osagwira ntchito, injini za anthu zili pa mchenga kundidikira, ndalama ya thiransipoti yoti ikanagula malata awiri kapena atatu. Chimene ndinabwera nacho ndi chimfine basi.

Tsono mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndikufuna muimve bwino. Sindikulira kuti madala anga sanalandire. Mwina alipo agogo ena ovutika kuposa ife, ndipo ngati analandira ndi iwowo, ine ndiwomba m'manja. Chimene chikundiwawa n'chakuti sindingadziwe. Thandizo la nyumba limene mndandanda wake ndi wobisika si thandizo la osauka, ndi la odziwana. Palibe amene angatsutse dzina lomwe sanalione.

Taganizani mmene timachitira pa doko. Boti likafika m'mamawa, usipa amayeza ndi chigoba pamaso pa aliyense. Mwini boti alipo, siginala alipo, alovi alipo, amayi ogula ali pompo. Achotsa ya mafuta, yotsalayo agawana onse akuona. Tayerekezani mwini boti auze alovi kuti "pitani kunyumba, ndawerengera ndekha, gawo lanu lapita kumtunda." Tsiku limenelo pa doko pangakhale mtendere? Nanga bwanji pa nkhani ya denga la makolo athu timangoti zikomo bwana n'kubwerera?

Musaganize kuti ndalama za nyumba sizinayambe zatulukapo m'dziko muno. Malawi Housing Corporation ilipo kuyambira 1964, koma nyumba zake zambiri zili m'mizinda, ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo ndi za lendi ya pamwezi. Msodzi amene mwera ukawomba sabata yathunthu salowa m'madzi alowamo bwanji? Mu 2014 boma la Peter Mutharika linayambitsa pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Imeneyo ndiye inali yathu ya kumudzi: mabanja 80 pa dera lililonse la phungu pa chaka, theka la mtengo boma likulipirira, theka ndi ngongole yobweza pang'onopang'ono. Nthawi imeneyo madera a aphungu anali 193. Werengani nokha, ndi nyumba zoposa 15,000 pa chaka. Mu 2020 boma la Lazarus Chakwera linalengeza zomanga nyumba 10,000 za asilikali, apolisi ndi ena achitetezo. Sindikudana nazo, nawonso ndi anthu, ayenera kugona pabwino.

Koma onani pa 80 paja. Dera limodzi la phungu lili ndi mabanja masauzande. Pamene zinthu zili zochepa chonchi, ofuna ali ambiri, m'pamene pamafunika kuwala kwambiri. Mukatola mabanja 80 mumdima, ngakhale mutatola mwachilungamo, otsalawo adzati mwapatsana pachibale, ndipo simudzatha kuwatsutsa. Kubisa mndandanda kumawononga ngakhale amfumu ndi a komiti okhulupirika.

Ndikudziwa zomwe ena muyankhe, ndazimva kale pa bawo.

Ena mukuti boma si bambo ako, manga wekha. Ndikumanga, njerwa ndikuumba. Koma lita iliyonse ya petulo imene timathira mu Yamaha ili ndi msonkho mkati. Pulagi iliyonse, oyilo, ukonde, sopo, zonse zili ndi msonkho. Zida zophera nsomba timadulira laisensi. Ndalama imene imagula malata a pulogalamu si ya m'thumba mwa phungu, ndi yathu yomweyi yazungulira. Kufunsa kuti yapita kwa ndani si kupempha.

Ena mukuti asodzi ndalama mumazipeza koma mumamwera. Apa sinditsutsa zonse. Tonse tikuwadziwa anyamata amene usipa ukagwa amagona ku bala masiku atatu, mvula ikabwera denga lili mbee. Zimenezo tizidzudzulana tokha. Koma mayi wamasiye amene amayanika usipa wa eni ake pa thandala, nayenso wamwera? Mawu akuti "a kunyanja ali ndi ndalama" ndi amene amachititsa kuti potola mayina azitidumpha, pomwe ambiri pa doko ndi aganyu chabe, boti ndi la wina.

Ena mukuti ukalankhula adzakuchotsa pa mndandanda wa zina. Aise, uli pa mndandanda uti? Unauona?

Ndipo tisaloze chala kumtunda kokha. Kulakwa kwina n'kwathu. Msonkhano wa VDC ukaitanidwa, achinyamata timati ndi za madala, timapita ku mpira kapena kukagona chifukwa tachezera pa nyanja. Mayina amatoledwa tsiku limenelo. Wandale akabwera ndi malaya ndi nsalu timadzaza bwalo, kuvina mpaka fumbi. Wina akalandira malata timati "bwana wamukumbukira," ngati mphatso ya pa chinkhoswe. Ifeyo ndi amene tinawaphunzitsa kuti safunika kutiuza kanthu.

Ine pa ntchito yanga, injini ikamakana kulira pomwe thanki ili ndi mafuta, sindiyamba kutukwana thanki. Ndimatsata paipi, ndione fyuluta, nditsegule kabuleta, mpaka ndipeze pamene patsekeka. Nafenso titsate paipi. Njira yake ilipo kale: VDC, kenako ADC, kenako khonsolo, ndipo tili ndi khansala amene tinamuvotera kuti azikatiyankhulira. Komanso pali lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma, Access to Information Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Ukalemba kalata yofunsa, ofesi ikuyenera kuyankha, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene limayang'anira lamuloli. Ofesi ya Ombudsman iliponso pa madandaulo otere. Zida zilipo, zangochita dzimbiri chifukwa sitizigwira.

Zomwe tikufuna ndi izi, ndipo palibe chofuna ndalama zambiri:

1. Thandizo lililonse la nyumba, malata kapena mapuloti likabwera, alengeze kuchuluka kwake ndi zoyenereza munthu kulandira, mayina asanatoledwe.

2. Mayina awerengedwe pa bwalo la amfumu, ndipo pepala lipachikidwe pa sukulu ndi pa doko kwa masabata awiri, kuti wodandaula adandaule lisanapite kumtunda.

3. Wolembetsa aliyense apatsidwe kapepala ka nambala ndi tsiku. Ngakhale pa chigayo pamakhala mzere wodziwika.

4. Kamodzi pa mwezi, wa ku ofesi azitsika Khwekhwerere kudzakumana nafe kuno, m'malo moti agogo azikwera phiri kukamva kuti bwerani mawa.

5. Amene nyanja inawagwetsera nyumba awaganizire malo akumtunda. Kupatsa munthu simenti kuti amangenso pomwe madzi anafika n'kutaya simentiyo.

Msonkhano wa VDC ukubwerawu ine ndidzakhala kutsogolo, ndi kope ndi bolopeni. Sitikapita kukatukwana munthu kapena kuphwanya chilichonse, amfumu ndi makolo athu, tikawapatsa ulemu wawo. Tikangofunsa funso limodzi: mndandanda uli kuti? Akati unapita, tidzapempha kope yake. Akati palibe, tilemba kalata, tisainire tonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga likunenedwa apa ndi lenileni, la malata.

Mvula ikubwera, madala anga akadali m'khitchini. Amene mukubwera nane mundipeze pa doko Loweruka, pamene ndimakonzera mainjini paja. Tumizani uthengawu m'magulu onse a kunyanja.