Musamuthamangitse makaniko akamasintha timing belt

Amene anayendetsapo Hiace ya dizilo amaidziwa nyali ya T-BELT ija. Ikangoyaka, ambirife timathamangira ku galaja n'kuyamba kulamula: "Achimwene, mangani changu, madzulo ano ndikufuna ndikanyamule anthu." Apa ndiye timadzibaya tokha.

Pa injini ngati 5L, lamba ameneyu amachoka pa crankshaft n'kumazunguza camshaft ndi pampu ya dizilo. Zitatu zonsezi zili ndi zizindikiro zoyenera kugwirizana ndendende. Lamba akaphonya dzino limodzi lokha, galimoto imavuta kulira m'mawa, utsi kuti tolo, pachitunda mphamvu palibe. Akaphonya mano angapo, pisitoni imawomba mavavu, poti mu injini ya dizilo mpata wake ndi wochepa zedi. Munapita kukasintha lamba, mwabwerako ndi ngongole ya hedi.

Makaniko wodziwa ntchito akamanga lamba sathamangira kiyi. Amayamba wazunguza crankshaft ndi sipanala maulendo awiri athunthu, kuti camshaft izungulire kamodzi, kenako n'kuyang'ananso zizindikiro zija. Ikalimba penapake amaima, sakakamiza. Tensioner yakale saibwezeramo.

Ndikudziwa, ndalama zikuvuta, ndipo minibasi ikagona abwana amafunabe yawo. Koma ola limodzi lodikira silingafanane ndi sabata ziwiri galimoto ili pamiyala.

Tsono musanalipire, funsani mwaulemu: "Mwaizunguza ndi manja?" Akayankha mozemba, kiyi musapereke.