Pakhonde la Namwino: musagule reel poona nambala yokha

 Mwezi uno shuga ndi BP tizisiye kaye pambali. Abambo atatu anandiimitsa titatuluka m'tchalitchi, akuti akusonkherana ndalama zogulira zida zowedzera pa nyanja ya Michigan, ndiye ndiwauze reel yabwino. Ena mudabwa kuti mayi, namwino pamenepo, akudziwa chiyani za mbedza. Kwathu ku Nkhotakota amayi timadikira nsomba kugombe ndi beseni. Koma kuno bambo a kunyumba anandikokera m'boti la mnzawo ku Michigan City, ndipo mpaka lero sindinatsikemo.

Kwa amene simunapiteko, usodzi wake ndi wotere: boti limayenda pang'onopang'ono, mamailosi awiri kapena atatu pa ola, likukoka nyambo zachitsulo kumbuyo. M'miyezi ya Malichi ndi Epulo nsomba za coho zimakhala pafupi ndi gombe, chapamwamba, moti reel iliyonse imatha ntchito. Vuto limabwera kukatentha. Madzi apamwamba akafunda, salmon ya chinook ndi lake trout zimathawira kutali ndi pansi kozizira. Kuti nyambo izifike kumeneko, ambiri amagwiritsa ntchito chingwe chokhala ndi mtovu m'kati, chotchedwa lead core. Chingwechi chimasintha mtundu mayadi 10 aliwonse, ndipo chathunthu chimakhala ndi mitundu 10, kutanthauza mafiti 300. Mtundu umodzi umatsitsa nyambo mafiti anayi kapena asanu. Ndiye kuti mufike mafiti 45 okha pansi, mwamasula chingwe chotalika ngati bwalo la mpira, ndipo chonsecho mudzachikulunganso ndi dzanja lanu, nsomba ili kumapeto kapena ayi.

Apa ndi pomwe pamabwera nkhani ya magiya. Pa bokosi la reel pamalembedwa nambala ngati 4.2:1 kapena 6.1:1. Tanthauzo lake ndi lakuti mukazunguza handulo kamodzi, gudumu lokulungapo chingwe limazungulira kanayi ndi pang'ono, kapena kasanu ndi kamodzi. Ife titayamba tinathamangira nambala yaikulu. Wogulitsa m'sitolo ina anatiuza kuti imeneyo ndiyo yamakono, ife osafunsanso.

Amene munapalasapo njinga mukudziwa kale chimene tinaiwala. Giya yothamanga ndi yokoma pamsewu wosalala, koma pachitunda, utanyamula thumba la chimanga, miyendo imalira. Reel nayonso chimodzimodzi. Tsiku lina mu Ogasiti chinook yaikulu inadya nyambo yanga kumapeto kwa mitundu yonse 10. Ka reel kathu kanali kothamanga koma kakang'ono, handulo yake yaifupi. Ndinalimbana nayo mphindi zoposa 20, ndikukana kupatsa wina ndodo chifukwa cha matama. Nsomba tinaiwuula ndithu, koma m'mawa mwake mitsempha ya pamfundo ya dzanja, chakumunsi kwa chala chachikulu, inali itatupa. Sindimatha kutsegula botolo la mankhwala, kaya kutembenuza wodwala pabedi. Ndinajomba kuntchito sabata yathunthu. Ambiri a inu mumagwira ntchito yosamalira okalamba kapena m'mafakitale, ndipo ophunzira athu ena amalipira fizi ndi manja omwewo. Werengerani nokha mtengo wa nsomba imeneyo.

Chimene ndinaphunzira pambuyo pake ndi chakuti nambala ya magiya payokha siinena zonse. Funsani kuti handulo ikazungulira kamodzi imakulunga mainchesi angati a chingwe. Makampani monga Okuma, Daiwa, Penn ndi Shimano amalemba zimenezi pa zida zawo zambiri, kungoti timalemba take timakhala ting'onoting'ono. Gudumu lotambalala mainchesi atatu la magiya a 4:1 limakulunga pafupifupi mainchesi 38. Gudumu la mainchesi awiri la magiya a 6:1 limakulunganso 38 yemweyo. Mwaona? Liwiro ndi limodzi, koma lalikululo limalowa chingwe chambiri, ndipo kawirikawiri limabwera ndi handulo yotalikirapo yomwe siitopetsa dzanja.

Tiwerengenso pang'ono, ana asukulu muthandize makolo. Mafiti 300 ndi mainchesi 3,600. Reel yokulunga mainchesi 25 imafuna kuzunguza maulendo 144, pomwe ya mainchesi 40 imafuna 90. Komatu nambala za pabokosizo ndi za gudumu lodzaza. Chingwe chambiri chikakhala m'madzi gudumu limaonda, ndipo poyamba kukulunga mumabweza chochepa kuposa pamenepo. Nchifukwa chake reel yaing'ono imakuzunzani kawiri.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mukugula reel imodzi kapena ziwiri zoti gulu lonse lizibwerekana, tengani zazikulu, za magiya apakati, cha m'ma 4 kufika 5. Zothamanga za 6 zili ndi ntchito yake: pa chingwe chachitali kwambiri, makamaka chamkuwa, zimathandiza pobweza chingwe msanga kuti musinthe nyambo kapena kuchotsa udzu, ndipo amene amamasula ndi kukulunga tsiku lonse amazikonda. Koma zikhale za gudumu lalikulu ndi handulo yaitali. Pa chipangizo chomiza nyambo chija chotchedwa Dipsy Diver, chomwe chimakoka mwamphamvu ngakhale popanda nsomba, ine reel yothamanga sindiifuna n'komwe.

Musanalipire, onetsetsani kuti lead core yonse ilowa, pamodzi ndi mayadi ena osachepera 200 a chingwe chopyapyala pansi pake, chifukwa chinook ikathawa siyipempha chilolezo. Onaninso kuti mfundo zolumikizira zingwe zikudutsa bwino pa kabowo kamene kamayala chingwe pa gudumu. Kenako yesani mabuleki ake, amene asodzi kuno amati drag: kokani chingwe ndi dzanja, chizituluka mosalala, osati modukizadukiza. Nsomba ikamathawa ndi chingwe lekani kuzunguza, mungotopa pachabe. Kawerengero ka mafiti kamene kamakhala pa ma reel ena kamawerenga kuzungulira kwa gudumu, choncho kamalondola pokhapokha gudumu litadzaza bwino. Pa lead core musakawonongere ndalama, mitundu ija ikuwerengerani kale.

Laisensi ya Indiana ndi sitampa ya trout ndi salmon musaiwale, ndipo mukadutsa malire kulowa m'madzi a Michigan pafunika ya kumeneko. Jekete yoyandamitsa valani ndithu, madzi a nyanja iyi ndi ozizira, si a ku Senga Bay. Amayi oyembekezera ndi a ana aang'ono, mundipeze tikambirane za kuchuluka kwa nsombazi komwe mungadye, popeza zikuluzikulu zimasunga mankhwala oipa m'mafuta ake. Abambo atatu aja, Loweruka likudzali bwerani kunyumba mudzazunguze ma reel athu musanapite kusitolo. Ka reel kanandipweteka kaja kakadalipo m'galaja, ndikupatsani ulere ngati mukufuna kowedzera coho mu Epulo.